Khoti lingakupatseni makiyi a tchalitchi, koma silingakudzozereni m'busa

Tsiku lija pa wailesi panali nkhani ya mikangano ya m'mipingo, mayi wina adafunsa kuti: bwanji boma silingosankha lokha mtsogoleri mpingo ukakangana, kuti phokoso lithe? Funso limenelo lidandikhudza chifukwa inetu ndi mmodzi mwa anthu amene tidathamangira ku bwalo la milandu ndi maganizo omwewo. Titakumana pa kalabu yathu tidaifukula nkhaniyi ndi anzanga awiri, wina mphunzitsi wopuma amene amasunga manyuzipepala akale, wina bambo amene adakhala zaka zambiri ku Harare. Zimene ndidatolako ndi izi.

Zimene zidatigwera ife

Mpingo wathu ndi waung'ono, wa Chizioni. Amene adauyambitsa adali bambo wachikulire, ndipo kwa zaka zonse palibe adaganizapo zofunsa kuti iwo akadzapita adzakhale pampando ndani. Kufunsa zotero kunkaoneka ngati kuwaitanira imfa. Atamwalira, maliro asanazizire n'komwe, padatuluka mawu awiri. Mwana wawo wamkulu adati bambo adamupatsa ndodo ali m'chipatala. Wachiwiri wawo pa ubusa, amene adawanyamulira Baibulo zaka zambiri, adati iwo adamuuza pamaso pa akulu atatu kuti nkhosa azidzaweta ndi iye. Mwa akulu atatuwo mmodzi adali atamwalira kale, wina adavomera, wina adati sakukumbukira bwino.

Lamulungu lina tidafika n'kupeza pachitseko pali maloko awiri. Gulu lililonse lidaika lake. Ng'oma zidagona kunyumba ina, buku la zopereka kunyumba ina. Anyamata adagwirana malaya, wina adatupa diso. Tidapita kwa akuluakulu a bairro, kenako ku tribunal comunitário. Akulu a kumeneko adatimvera modekha ndithu, n'kutifunsa kuti malamulo olembedwa a mpingo wathu ali kuti. Tidangoyang'anizana. Adati za diso lotupalo atha kuweruza, za loko wothyoledwa atha kuweruza, za malata ogulidwa ndi ndalama za anthu atha kutithandiza kuwerengera, koma zoti Mzimu wasankha yani, zimenezo tibwerere nazo kwathu. Ndidatuluka ndili wokwiya, ndimvekere atithawa awa. Lero ndikuona kuti adanena zoona, ndipo mbiri ndi imene yandiphunzitsa.

Nthawi imene boma linkalowa m'tchalitchi

Makolo athu akudziwa mmene zimakhalira boma likaika dzanja m'zachipembedzo. Amishoni a Dutch Reformed adatsegula mishoni ku Mphatso, ku Angónia, m'chaka cha 1909, koma mu 1922 boma la Apwitikizi lidatseka ntchito yawo, ndipo Akhristu a kumeneko ankachita kuoloka malire kukabatizidwa ku Nyasaland. Mu 1940 dziko la Portugal lidasainirana pangano ndi Vatican. Mwa zina, bishopu wa Katolika ankayenera kukhala nzika ya Portugal, ndipo dzina lake linkayamba laonetsedwa ku boma kuti linene ngati lili ndi chodandaula pa zandale. Bishopu wa ku Nampula, Manuel Vieira Pinto, atayamba kudzudzula za nkhondo ya atsamunda, adathamangitsidwa m'dziko muno mu 1974.

Titalandira ufulu mu 1975, boma latsopano lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo a Mboni za Yehova ambirimbiri adatumizidwa kumisasa ya ku Carico, m'boma la Milange. Zinthu zidayamba kufewa Samora Machel atakumana ndi atsogoleri a zipembedzo mu Disembala 1982, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1990 adatsegula bwino ufulu wopembedza. Malamulo aakulu a 2004, pa ndime 12, amanena kuti boma ndi zipembedzo n'zosiyana, kuti mipingo ili ndi ufulu wodziyendetsa yokha, komanso kuti iyenera kutsata malamulo a dziko. Ndiyetu akulu aja pokana kutisankhira bishopu sankathawa ntchito ayi. Ankasunga mpanda umene udamangidwa anthu atavutika kale. Woweruza amene lero angakusankhireni m'busa amene mukumufuna, mawa angathenso kukuchotserani.

Komatu mpandawo uli ndi chipata. Mpingo uli ndi nyumba, malo, mabenchi, ndalama ku banki. Zimenezi ndi zinthu za pansi pano, ndipo anthu akalimbirana, khoti silingakane kumva. Vuto limabwera apa: kuti udziwe mwini makiyi, nthawi zambiri uyenera kudziwa mtsogoleri weniweni. Milandu itatu iyi ikuonetsa pamene makhoti adafika ndi pamene adalekezera.

Ku Scotland, 1904: ochepa adatenga zonse

Mlandu woyamba ndi wakutali, koma ukukhudza anansi athu a ku Malawi. Mishoni ya Livingstonia, ya a Robert Laws, idayambitsidwa mu 1875 ndi mpingo wa ku Scotland wotchedwa Free Church. Mu 1900 mpingo umenewo udagwirizana zophatikizana ndi mpingo wina, United Presbyterian Church. Pa msonkhano wawo waukulu anthu 643 adavomera, 27 okha adakana. Okanawo adapita ku khoti n'kunena kuti Free Church yeniyeni ndi iwo, chifukwa anzawo asiya mfundo zimene mpingo udayambira.

Mu 1904 bwalo lalikulu la ku London, House of Lords, lidagamula mokomera ochepawo. Oweruza sadanene kuti chiphunzitso chabwino ndi chiti. Adangoyang'ana kuti anthu amene adapereka chuma pachiyambi adachipereka kuti chigwire ntchito yanji, n'kupeza kuti amene adatsalira pa mfundo zakalezo ndi ochepa aja. Mwadzidzidzi kagulu kakang'ono kadapezeka kali ndi matchalitchi mazanamazana, masukulu a ubusa ndi ndalama zoti sikakadatha kuziyendetsa, pamene khamu lalikulu lidatsala manja lende. Zidafika poti nyumba ya malamulo idachita kupanga lamulo lapadera mu 1905, n'kuika bungwe logawa katunduyo molingana ndi mmene gulu lililonse lingamugwiritsire ntchito. Chigamulo chidali cholondola pa pepala, koma mtendere udabwera ndi kugawana.

Ku Harare, 2007 mpaka 2012: zaka zisanu panja

Wachiwiri ndi wapafupi, ulendo wa tsiku limodzi kudzera ku Changara ndi pachipata cha Cuchamano. Pa nthawiyo mpingo wa Anglican ku Zimbabwe udali m'chigawo chimodzi ndi wa ku Malawi, Zambia ndi Botswana, chotchedwa Church of the Province of Central Africa. Mu 2001 Nolbert Kunonga adakhala bishopu wa Harare, ndipo ankadziwika kuti ndi wotsatira wa Pulezidenti Robert Mugabe. Akhristu ena atamudandaulira, mpingo udatsegula bwalo lake mu 2005, woweruza wake ali James Kalaile wa ku Malawi. Mlanduwo sudapite patali. Woweruzayo adausiya, ndipo nkhani idatsekedwa popanda chigamulo. Tisaiwale pamenepa, chifukwa bwalo la mpingo likalephera, zotsala zimathera kwa apolisi.

Mu Seputembala 2007 Kunonga adalengeza kuti akutulutsa dayosizi ya Harare m'chigawocho, ponena kuti chikulekerera nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha okhalira limodzi ngati banja, zimene chigawocho chidakana. Chigawo chidati munthu atha kutuluka koma dayosizi situluka, n'kuika Sebastian Bakare kuti agwirizire mpando. Mu 2008 Kunonga adadzitcha akibishopu wa chigawo chake chatsopano, ndipo mpingo udamuchotsa. Mu 2009 adadzozedwa Chad Gandiya kukhala bishopu wa Harare.

Tsono mpingo udali utanena kale kuti bishopu wake ndani, koma makiyi adali ndi wina. Kumayambiriro kwa 2008 khoti lidalamula kuti magulu awiriwo azisinthana nthawi yopempherera m'matchalitchi omwewo. Lamulolo silidatsatidwe bwino, ndipo apolisi ankathamangitsa a mbali ya chigawo, pena ndi utsi wokhetsa misozi. Anthu ankapemphera pansi pa mitengo, m'matenti ndi m'nyumba zobwereka. Mu 2011 chigamulo china chongoyembekezera chidasiya katundu m'manja mwa Kunonga, ndipo ansembe ena adatulutsidwa m'nyumba zawo. Ngakhale kumalo okumbukira Bernard Mizeki pafupi ndi Marondera, mphunzitsi wa Mawu uja wobadwira ku Inhambane kwathu konkuno amene adaphedwa mu 1896, a mbali ya chigawo adaletsedwa kukafikako. Mu Okutobala 2011 Akibishopu wa Canterbury, Rowan Williams, adabwera n'kulalikira m'bwalo la masewero chifukwa m'tchalitchi chachikulu sakadalowa, ndipo adakaonana ndi Mugabe kukamudandaulira.

Pa 19 Novembala 2012 khoti lalikulu la apilo ku Zimbabwe lidatseka nkhani. Oweruza sadayeze kuti pa mabishopu awiriwo woyera mtima ndani. Adafunsa funso loti munthu wamba atha kuliyankha ndi umboni: kodi watuluka mu mpingo ndani? Adaona makalata ndi zochita za Kunonga, n'kupeza kuti iye ndi omutsatira adachoka n'kuyambitsa mpingo wawo, choncho alibenso gawo pa katundu wa mpingo umene adausiya. Mu Disembala chaka chomwecho Akhristu adabwerera m'tchalitchi chawo chachikulu. Mnzathu wa pa kalabu uja akuti chimene chidawapulumutsa n'chakuti mpingowo udali ndi malamulo olembedwa kuyambira kalekale, ndiponso mabishopu a maiko ena amene akadatha kunena kuti wathu ndi uyu. Khoti lidangotsatira mapazi amene mpingo udaponda kale. Komabe zaka zisanu si masewera. Ana adabadwa n'kuyamba kuyenda asanalowepo m'tchalitchi cha makolo awo.

Kwa a Shembe: pepala kwina, anthu kwina

Mlandu wachitatu ndi umene ukufanana kwambiri ndi wathu, chifukwa ndi wa mpingo woyambitsidwa ndi munthu wakuda, wotsogoleredwa ndi banja limodzi. Amene mudagwirako ntchito ku Durban mukuwadziwa anthu ovala zoyera, oyenda opanda nsapato, a mpingo wa Nazareth Baptist. Adauyambitsa ndi Isaiah Shembe, amene adamwalira mu 1935, mpando n'kupita kwa mwana wake Johannes Galilee. Uyu atamwalira mu 1976, mbale wake Amos ndi mwana wake Londa adalimbirana mpando. Mpingo udagawika, a Londa adatsala ku eKuphakameni, a Amos adakakhazikika ku eBuhleni. Londa adaphedwa ndi mfuti mu 1989.

Ku eBuhleni, Amos atamwalira mu 1995 adalowa mwana wake Vimbeni. Vimbeni adamwalira mu Malichi 2011, ndipo pamaliro pomwepo padamveka maina awiri. Loya wa malemuyo adati pali chikalata chosainidwa chotchula Vela Shembe, wa m'banja lomwelo. Mfumu ya m'deralo idati malemu adaiuza pakamwa kuti mpando ndi wa mwana wawo Mduduzi. Nkhani idapita ku khoti lalikulu ku Durban, ndipo idatenga zaka zisanu. Adaitanidwa akatswiri oyeza kalembedwe ka dzanja kuti aone ngati siginecha ndi ya Vimbeni. Mu Okutobala 2016 woweruza Achmat Jappie adagamula kuti chikalatacho n'chenicheni, choncho wosankhidwa ndi Vela.

Apanso taonani funso limene khoti lidayankha. Silidafunse kuti mneneri weniweni ndani. Lidafunsa kuti malamulo a mpingowo amati wolowa m'malo amasankhidwa bwanji, ndipo kodi dzanja limene lili pa pepalali ndi la yani. Vela adamwalira mu 2017, patangotha chaka. A mbali ya Mduduzi adachita apilo mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, ndipo mu 2021 adagonja. Koma zigamulo zonsezo zitaperekedwa, khamu lalikulu lidapitirizabe kutsata Mduduzi. Zaka khumi za milandu, ndalama zankhaninkhani za zopereka zidapita kwa maloya, koma gogo amene adali atasankha kale mumtima mwake sadasunthe ndi pang'ono pomwe.

Malire ake ali pati?

Pa milandu itatuyi ine ndaonapo zinthu zinayi.

Choyamba, khoti limaweruza zogwirika: nyumba, malo, ndalama, makiyi, siginecha, ndi munthu womenyedwa. Mkanjo suteteza munthu amene wamenya mnzake kapena wadya ndalama za mpingo.

Chachiwiri, likafika pa mpando, khoti limayang'ana malamulo a mpingo womwewo, n'kuona ngati adatsatidwa. Ngati malamulo akuti amasankha ndi msonkhano, lifunsa ngati msonkhano udachitika. Ngati akuti amasankha ndi mtsogoleri asanamwalire, lifunsa umboni. Ngati palibe cholembedwa, ngati mmene zidalili kwa ife, woweruza alibe poponda.

Chachitatu, maloto, masomphenya ndi mawu a pa bedi la imfa opanda mboni zogwirizana, khoti lilibe sikelo yoyezera. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amayankhula m'maloto. Koma anthu awiri akabwera aliyense ndi loto lake, woweruza asankhe liti? Tsiku limene adzasankhe, ndiye kuti boma lasanduka mneneri.

Chachinayi, kupambana mlandu sikubweza anthu. Ku Scotland opambana adali ndi matchalitchi opanda anthu. Kwa a Shembe opambana adali ndi chigamulo, khamu lili kwina. Ku Harare kokha n'kumene pepala ndi anthu zidakumana, chifukwa anthuwo adali atasankha kale mbali imeneyo ali pansi pa mitengo.

Tichite chiyani ife a mipingo ing'onoing'ono?

Kuno ku Tete mipingo yonga wathu ilipo yambiri, ndipo yambiri mwa iyo oyambitsa ake akadali moyo, tsitsi layera. Ndikupemphani akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi achinyamata kuti mukhale pansi bambowo akadali ndi mphamvu. Lembani kuti mtsogoleri akamwalira kapena akadwala, amagwirizira ndani, kwa miyezi ingati, ndipo wolowa m'malo amasankhidwa ndi yani. Ngati mukufuna kuti ukhale wa banja, lembani choncho poyera, anthu adziwiretu. Ngati mukufuna mavoti, lembani amene ali ndi ufulu wovota. Muwerenge pamaso pa mpingo wonse m'chinenero chimene agogo akumva, Chinyungwe kaya Chinyanja, osati Chipwitikizi chokha.

Za malo musamale kwambiri. M'dziko muno nthaka ndi ya boma, ife timangokhala ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, DUAT ija. Ngati pepala la malo a tchalitchi lili m'dzina la m'busa, tsiku la maliro ana ake adzaliwerengera pamodzi ndi mbuzi ndi njinga, ndipo simudzawaimba mlandu. Mpingo ulembetsedwe ku unduna wa zachilungamo, malo ndi ndalama zikhale m'dzina la mpingo, osainira ku banki akhale awiri kapena atatu a mabanja osiyana.

Chinanso, gwirizanani ndi mipingo ina kuti pakhale akulu akunja oti n'kuwaitana zikavuta. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Paulo adadzudzulapo Akhristu a ku Korinto chifukwa chotengerana ku mabwalo akunja, koma kudzudzulako kumafuna kuti m'kati mwa mpingo mukhale bwalo loti anthu n'kulikhulupirira. Lija la ku Harare litagwa mu 2005, mwaona zimene zidatsatira.

Wina anena kuti kulemba zoterezi n'kuchepetsa Mzimu. Ine ndimalima dimba m'mbali mwa Zambezi. Mvula ndi madzi amapereka ndi Mulungu, komabe malire a dimba langa ndi la mnzanga tidakhoma zikhomo tonse tili moyo, kuti ana athu asadzatemane ndi makasu. Palibe adanenapo kuti zikhomozo n'kusakhulupirira.

Kwathu zidatha chonchi: akulu a mipingo iwiri yoyandikana nafe adatikhazika pansi katatu. Nyumba idatsala ndi gulu la mwana wa malemu chifukwa malo adali m'dzina la bambo ake. Ife a gulu linalo tidapatsidwa mabenchi asanu ndi limodzi, ng'oma imodzi ndi theka la ndalama za m'buku, ndipo tikupemphera pansi pa mtengo wa msawu podikira kuti malata akwane. Mayi anga ondibereka adatsala mbali inayo. Lamulungu m'mawa timatuluka pakhomo limodzi, pamphambano iwo amakhotera kumanja, ine kumanzere, masana timadya nsima mbale imodzi. Palibe khoti limene likadaletsa zimenezi. Chikadaletsa ndi pepala limodzi lolembedwa bambo aja akadali moyo.

Gulu lathu latsopanoli talemba kale malamulo athu, masamba atatu a m'kope la sukulu, ndipo abusa athu adasaina okha ndime yonena za tsiku limene iwo sadzakhalapo. Adaseka, amvekere mwandikonzera ulendo msanga. Koma adasaina.

Amvetseri anzanga a m'makalabu ena, ngati kwanu zidachitikapo zotere, kaya ku tchalitchi kaya ku mzikiti, lembani kuno timve mmene mudathetsera. Moni wapadera kwa amayi onse ogulitsa ndiwo pa msika wa Kwachena, ndi kwa abale anga a mbali inayo, amene mpaka lero tikadali kuimba nyimbo zofanana.

Ine wanu womvera mnzanu,
wa ku bairro Josina Machel, Tete.